Akwariyamu ya ku Kabulonga

Kabwata, Lusaka
21 Julayi 2024

Okondedwa Alongo anga, amake Thandazani,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana onse kumeneko ku Katete. Kuno kuzizira kwafika poipa chaka chino, m'mawa madzi a pampopi amachita kuluma zala, koma matenda palibe.

Mudabwa kuona kalata ya pamanja pomwe foni ilipo. Lamlungu lapitali munandiimbira kawiri, ndipo kawiri konse ndinangoyang'ana foniyo ikulira mpaka inaleka yokha. Sindinali m'tchalitchi monga ndinakulemberani pa uthenga. Ndinali nditakhala pabedi. Zimene ndikufuna kukuuzani sindingathe kuzinena ndikumva kupuma kwanu mbali inayo, n'chifukwa chake ndatenga pepala. Kalatayi ndipatsira a Jonas, kondakitala wa basi ya ku Chipata uja, adzakusiyirani pa sitolo ya alamu.

Ndiyambe ndi chimene ndakubisirani zaka ziwiri. Ntchito ya mu ofesi ija, ya ku Cairo Road, inatha kalekale kampaniyo itatsekedwa. Nditapondaponda miyezi isanu ndinapeza ntchito ku Kabulonga, panyumba ya bambo wina wamalonda, a Chibesa, kwawo ku Mansa. Ntchito yake ndi kuthirira maluwa, kutchetcha kapinga, kutsuka galimoto ndi kutsegula geti. Kuno amati gadeniboyi, ngakhale munthuwe uli ndi imvi m'ndevu. Ndinkachoka ku Kabwata m'mawa nditamanga tayi, n'kukavula kuseri kwa galaja. Pa maliro a amalume mutandifunsa za kuntchito, ndinati andikweza. Munandigwira dzanja n'kuthokoza Mulungu, ine ndinati ameni.

M'chipinda chochezera cha a Chibesa muli thanki yagalasi yaikulu, kuchoka pakhomo kukafika pazenera mapazi anga asanu. Muli nsomba zamoyo zongoonera, osati zodya: zachikasu ngati ndimu yakupsa, zamizeremizere, zina zamichira yopepera ngati nsalu ya mkwatibwi. Muli pampu yotulutsa thovu, nyali yabuluu, ndi kachipangizo kofunditsa madzi nthawi yozizira. Ataona kuti manja anga ndi osamala, anandiphunzitsa kusintha madzi ndi kudyetsa nsombazo. Ntchito imeneyo ndinaikonda, Alongo, sindinama. Mwa zonsezo munali imodzi yaikulu, yasiliva, yotalika kuposa mkono wanga, ya tindevu tiwiri pachibwano. A Chibesa ankaitcha Kapitao. Anaigula kunja ili ngati chala, naisunga zaka zisanu ndi ziwiri. Akabwera kuntchito ankayamba apereka moni kwa Kapitao asanavule jekete. Tsiku loyamba lenilenilo anandiuza kuti, "Meshack, iyi nsomba imalumpha. Ukatsegula pamwamba, utseke usanatembenuke."

Mukudziwa kuti chisiyanirane ndi amake, mwana wanga Tanya amakhala ku Chelstone, ndipo ine ndimamutenga Loweruka lachiwiri lililonse. Tsopano ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, mano akutsogolo amera aakulu ngati anu. Sukulu imene amake anamulowetsa ndi ya ana a anthu ochita bwino, ana oti patchuthi amakwera ndege. M'mwezi wa Meyi anabwera ndi kabuku, akuti aphunzitsi awauza kulemba ntchito za makolo awo. Tinakhala pa benchi kumsika wa Kabwata, iye akudya chimanga chootcha, pensulo m'manja.

"Ba dadi, nilembe kuti mumachita chani?"

Ndinayang'ana zikhadabo zanga, zimene ndinali nditazikwecha ndi burashi m'mawa umenewo kuti dothi lisaoneke. Ndinati, "Lemba kuti ndimayang'anira akwariyamu."

Mwina mawuwa simunawamvepo. Akwariyamu ndi nyumba yaikulu yoonetseramo nsomba zamoyo m'magalasi, komwe makolo amapita ndi ana kukaona, monga zilili m'mizinda ya kunyanja yamchere. Mumtima ndinadziuza kuti sindinaname kwenikweni, pajatu thanki ija a Chibesa ankaitchula choncho. Mwana anaponya chitsononkho pansi n'kundikumbatira m'khosi. Analemba mawuwo ndikumuuza chilembo chimodzichimodzi.

Patatha masabata awiri ndinamupeza atatupa maso. Amake, a Virginia, anandiimitsa pageti n'kundifunsa kuti mwanayu ndamuuza chiyani. Nkhani inali yakuti m'kalasi mwawo muli mtsikana wina, Stephanie, amene anapitako ku akwariyamu yeniyeni ku Durban, ndipo anaimirira pamaso pa onse n'kunena kuti mu Lusaka mulibe akwariyamu, Tanya ndi wabodza. Ana anayamba kumutcha Kapenta, dzina la tinsomba touma tija. Akamadutsa ankatukumula masaya n'kumatsegula pakamwa ngati nsomba. Masiku awiri anakana kupita kusukulu.

Apa ndi pamene ndikanakhala naye pansi n'kumuuza zoona. Njira inali yotseguka, amake anali pomwepo, akanandithandiza. Koma mwana anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ba dadi, ni zoona, si so? Muwauze."

Ndinati, "Ndi zoona. Uwaitane anzakowo adzaone okha."

A Chibesa ndi akazi awo anali kupita ku Mansa ku ukwati wa mphwawo pakati pa Juni, kuchoka Lachisanu kubwera Lolemba. Panyumba tinkatsala awiri, ine ndi mayi wogwira ntchito m'nyumba, a Bwembya. Amenewa ndi mayi wamkulu, wa msinkhu wanu kapena kupitirirapo, kwawo ku Luapula, ndipo anali atagwira panyumbapo zaka khumi ndi chimodzi. Ana a a Chibesa anakulira kumsana kwawo. Makiyi a m'nyumba ankasunga ndi iwo. Masiku amene ndinkabwera wopanda kamba ankandigawira chakudya chawo osandifunsa kanthu. Ndinawapeza akusita, ndinawafotokozera zonse, mutu uli pansi.

Anaimika simbi nati, "Bashi Tanya, iyi nkhani siili bwino. Nyumba ni ya bene."

Bashi Tanya ndiye kuti atate ake a Tanya m'chilankhulo chawo, ndimo ankandiitanira. Ndinawachonderera. Ndinati ndi ola limodzi lokha, ana atatu okha, sakhudza kanthu. Anapukusa mutu nati, "Mwana asalile chifukwa cha ise bakulu. Mubwele nabo teni koloko. Koma pa twelufu bachoke."

Mundimvetse kuya kwa kupusa kwanga: ndinapita kwa osindikiza mapepala pafupi ndi msika n'kupangitsa matikiti atatu, okhala ndi chithunzi cha nsomba. Ndinabwereka shati yabuluu kwa mnansi. Loweruka m'mawa ndinakatenga Tanya ku Chelstone pamodzi ndi Stephanie uja ndi mnzake wapamtima wa Tanya, Salifyanji, kamtsikana kachete kovala magalasi. Amayi awo anandipatsa ana awo ndi manja awiri, akuti zikomo potenga ana kukaona zinthu zophunzitsa. Tinakwera takisi. Njira yonse Tanya anali atagwira tikiti yake pachifuwa.

Titafika pageti, Stephanie anasuzumira nati, "Iyi ni nyumba chabe."

Ndinati, "Ndi akwariyamu yapadera. Salowa aliyense, amalowa oitanidwa okha."

Ndipo a Bwembya, Mulungu awadalitse, anatsegula chitseko atavala chitenje chawo cha kutchalitchi, nalandira matikiti aja mmodzimmodzi, n'kuwang'amba pakona ngati mmene amachitira pakhomo la kanema. "Mwaiseni, mwalandilidwa," anatero. Anali atatseka makatani onse n'kuyatsa nyali ya m'thanki yokha, moti chipinda chonse chinali buluu, madzi akuwala padenga. Ine sindinawapemphe zimenezo. Anaziganiza okha.

Alongo, ndikanakonda mukanaona nkhope za ana aja. Salifyanji anagwada n'kugunditsa magalasi ake pathanki. Ngakhale Stephanie anatseka pakamwa. Ndinawauza dzina la nsomba iliyonse, kumene imachokera, chimene imadya, chifukwa chake ina imabisala m'miyala. Zonsezo ndinkazidziwadi, sizinali zabodza. A Bwembya nawo anawafotokozera za nsomba za kwawo, mmene atate awo ankaponyera ukonde, ndi nsomba ina imene imasunga ana ake m'kamwa pakabwera zoopsa. Tanya ankangoyang'ana ine, kenaka anzake, kenaka ine. Chibadwire chake sanandiyang'anepo choncho.

Ndiye Stephanie anati, "Ku Durban amatilola kudyetsa."

Palibe amene anandikakamiza. Ndinakwera pampando, ndinakankhira chivundikiro kumbali, ndinanyamula ana mmodzimmodzi kuti aponye chakudya. Kapitao anabwera pamwamba n'kukhwatula chakudya pafupi ndi zala za Stephanie, madzi n'kumuthovukira kumaso. Anakuwa, kenaka anaseka mpaka kugwira pamimba, n'kunena kuti, "Tanya, ba dadi bako ni bakali!" Bakali kuno ndiye kuti katswiri, ndipo mutu wanga unakula. Pomwepo a Bwembya anaitana kuti aphika mandasi, ana abwere akadyere pakapinga padzuwa. Ana anathamanga, ine pambuyo pawo, ndikufuna kumva zina zimene anganene za ine. Chivundikiro ndinachisiya chili chotsegula.

Tinakhala panja mwina theka la ola. Nthawi yochoka itakwana ndinauza ana kuti adikire pageti, ine ndikatenge majuzi awo. Ndinapeza Kapitao ali pansi pa matailosi, kuseri kwa mpando, atauma mbali imodzi, fumbi litamatirira pamamba. Ndinamunyamula ndi manja awiri n'kumubwezera m'madzi. Ndinamugwira pafupi ndi thovu la pampu, ndikumuyendetsa uku ndi uku, ndikupemphera ngati mwana. Nditamusiya anatembenuka chagada. Nditacheuka ndinaona a Bwembya ataima pakhomo, mbale ya mandasi ili m'manja. Anaika mbale pansi, natenga chiguduli n'kuyamba kupukuta madzi.

"Pelekani bana," anatero. "Tizakamba."

M'takisi ana ankaimba. Ine ndinkamva fungo la nsomba m'manja mwanga.

Sitinakambe. Lamlungu sindinapite kuntchito, ndipo foni ndinazimitsa. Lolemba masana a Chibesa anafika, ndinawatsegulira geti, ndinatsitsa zikwama. Analowa m'nyumba jekete ili paphewa monga mwa masiku onse. Patapita nthawi anatiitana tonse awiri. A Bwembya anali ataikulunga nsombayo m'pulasitiki n'kuisunga mufiriji kuti mwiniwake adzaione. Inali patebulo. Bambo wamkulu uja maso anali ofiira. Sanakalipe, ndipo kukanakhala bwino akanakalipa. Anafunsa motsitsa mawu kuti, "Ndani anatsegula?"

Ndalemba mzere wotsatirawu katatu n'kufufuta, koma ndiulemba. Ndinayankha msanga, a Bwembya asanatulutse mawu. Ndinati, "Bwana, ine ndinadyetsa Lachisanu n'kutseka bwinobwino. Kaya mwina popukuta fumbi pamwamba paja Loweruka." Sindinatchule dzina. Ndinangotembenuza mutu pang'ono kuyang'ana kumene anaima. Zinakwanira.

A Chibesa anati, "Ba Bwembya?"

Mayi aja anandiyang'ana. Sikunali kuyang'ana kwaukali, kunali ngati munthu akuyesa kukumbukira kumene anakuonapo. Kenaka anayang'ana pansi nati, "Ee, bwana. Kapena ndine."

Za ana sanatchule. Akazi a a Chibesa anayesa kuwapepesera, koma bamboyo anati sangathe kumaonana m'nyumba ndi munthu amene wamuphera chinthu chake n'kukhala chete masiku awiri osaimba foni. Lachitatu a Bwembya anatuluka ndi chikwama chimodzi ndi ndowa yawo. Geti ndinawatsegulira ndine. Anati, "Musale bwino, bashi Tanya." Ine ndinkayang'ana loko.

Masabata atatu ndinagwira ntchito ngati palibe chachitika. Anandipatsanso makiyi a m'nyumba, akuti ndine wokhulupirika. Tanya kusukulu zinamuyendera, dzina la Kapenta linatha, Stephanie anayamba kukhala naye pa desiki imodzi. Ndinkadziuza kuti a Bwembya ndi munthu wamkulu, ali ndi abale, apeza pena. Ndinkadziuza kuti anavomera okha. Koma chakudya chinkandikanika, ndipo ndikamatsuka galasi la thanki ndinkapewa kuona nkhope yanga mmenemo.

Loweruka lina Tanya anabwera ndi pepala lalikulu lopindidwa. Anajambula thanki, nsomba, ana atatu, ine nditakwera pampando, ndi mayi wa chitenje atanyamula mbale. Pansi analemba kuti zikomo ba Bwembya. Anati ndikawapatse, ndipo ndiwafunse dzina la nsomba yosunga ana m'kamwa ija chifukwa waiwala. Ndinati ndikawapatsa Lolemba. Pepalalo linagona m'thumba la jekete yanga masiku asanu.

Sindinganene kuti ndinapita kukawafuna chifukwa cha kulimba mtima. Ndinakumana nawo mwangozi. Lachinayi ndikuweruka ndinadzera kumsika wathu wa Kabwata kukagula tomato, ndipo ndinamva moni kumbuyo kwanga: "Shani, bashi Tanya?" Anali a Bwembya, atakhala pa kampando kumzere wa ogulitsa kapenta, akuthandiza mwana wa mchemwali wawo, atafunda chitenje kumutu chifukwa cha mphepo. Anaonda. Ndinafuna kuthawa. Anandisendezera chitini kuti ndikhalepo, nafunsa za Tanya, ngati anzake analeka kumuseka. Nditati analeka, anaomba m'manja kuthokoza Mulungu, nati, "Lesa ni wabwino."

Ndinatulutsa pepala lija. Analitambasula pamaondo, naliyang'ana nthawi yaitali, akusalaza m'mapindo ndi chala. Anaseka poona mmene mwana anawajambulira mutu waukulu. Ine ndinayamba kulankhula zosamveka, zakuti ndinachita mantha, zakuti ntchito ndi yosowa, zakuti andikhululukire. Anakweza dzanja kuti ndileke.

"Bashi Tanya, mvelani. Pa Sondo nonse nenze kuganiza. N'naona kuti imwe muli na mwana wamng'ono, ine bana banga banakula. N'nasankha kale kuti nizakamba kuti ndine. Nenze n'tatsegula kale pakamwa." Anapinda pepala lija mosamala. "Chinanibaba ni chakuti simunayembekeze. Sembe munangokhala chete pang'ono chabe, sembe n'nakupatsani na manja yanga. Koma munatenga mweka."

Alongo, ndamenyedwapo m'moyo uno, ndatukwanidwapo, mkazi anandisiya. Palibe chinandilowa ngati mawu amenewo. Mayi uja anali wokonzeka kundipatsa ntchito yake ya zaka khumi ndi chimodzi ngati mphatso, ine n'kuchita kumulanda. Ndinakhala pa chitini paja anthu akudutsa, wina akufunsa mtengo wa kapenta, ine misozi ili chuchuchu, bambo wa zaka makumi anayi. Iwo anandipatsa nsonga ya chitenje chawo kuti ndipukute, n'kundiuza dzina la nsomba ija kuti ndikamuuze mwana.

M'mawa mwake ndinadikira a Chibesa pagalimoto. Ndinawauza zonse, matikiti, ana, mpando, chivundikiro. Anamvetsera kiyi ili m'manja. Nditamaliza anafunsa funso limodzi lokha: "Unaima apo n'kumuona mayi uja akutuluka na ndowa?" Ndinati inde. Anati ndisiye makiyi pakhonde, ndipo pofika madzulo ndisapezeke pamalopo. Sindikuwadandaula. Akazi awo anapita okha ku Kabwata kukawatenga a Bwembya, ndipo ndamva kuti anabwerera Lolemba lapitali, bamboyo atawapepesa pamaso pa ana ake. Chimenecho chokha ndicho chimandipatsa tulo.

Kunatsala Tanya. Dzulo linali Loweruka langa. Sindinamutengere kumsika, tinangoyenda pang'ono kuchoka kwa amake n'kukhala pa kalavati m'mbali mwa msewu, magalimoto a ku eyapoti akudutsa. Ndinamuuza kuti malo aja si akwariyamu, ndi nyumba ya munthu, ndipo ine ndinali wothirira maluwa pamenepo. Ndinkayembekeza kulira. Iye anali kusewera ndi chingwe cha nsapato.

"Nenze kuziba, ba dadi."

"Unadziwa bwanji?"

"Pa chipupa penze mafoto ya bana babo. Na nsapato zanu za mugadeni zenze pa khomo, zija munabwela nazo tsiku lina. Stephanie anafunsa, n'namuuza kuti ni za munthu wina."

Ndiye kuti tsiku lonse lija, pamene ine ndinkadziona ngati ndikumuteteza, mwana wa zaka zisanu ndi zitatu ankanditeteza ine, n'kumanama m'malo mwanga. Ndinamufunsa chifukwa chake sananene. Anakweza mapewa nati, "Munali okondwa."

Ndikanatha kulekera pomwepo, ndipo mtima unkandiuza kuti ndilekere pomwepo. Koma ndinamuuzanso za Kapitao, ndi zimene ndinanena pamaso pa a Chibesa, ndi za ndowa ija. Apo ndiye anasiya chingwe cha nsapato. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Ba Bwembya benze batipikila mandasi," anatero.

"Inde."

"Ndipo imwe munakamba kuti ni beve."

"Inde, mwanangu."

Anaimirira n'kukutumula diresi lake. Anati akufuna kubwerera kwa amake. Panjira ndinatambasula dzanja kuti ndimuwolotse msewu monga timachitira nthawi zonse, iye anaika manja ake m'matumba a juzi, n'kuwoloka pambali panga osandikhudza. Pageti sanatsanzike. Za gadeniboyi sizinamupweteke n'komwe, Alongo. Zaka ziwiri ndinabisa chinthu chimene mwana wanga analibe nacho kanthu, ndipo pochibisa ndinachita chimene sangachiiwale.

A Virginia anatuluka atamva geti. Nditawafotokozera sanandinyoze monga ndinkaopera. Anangoti mwanayo ndimupatse nthawi, ndipo Loweruka langa likadzafika ndidzabwere ndithu, ngakhale akadzakana kutuluka m'chipinda. Anatinso Lolemba apita okha kusukulu kukalankhula ndi aphunzitsi, kuti nkhaniyi ikadzamveka isadzagwere mwana. Amayi a Stephanie ndi a Salifyanji ndawaimbira ndekha lero masana. Mmodzi anandidula foni, winayo anati zikomo pondiuza.

Tsopano zopempha zanga ndi ziwiri. Choyamba, amayi muwauze ndinu za ntchito yanga, mwa njira imene mukuona kuti mtima wawo ungapirire, koma muwauze zoona. Aleke kuuza anthu a kutchalitchi kuti mwana wawo ndi bwana ku Lusaka. Muwauze kuti ndimadziwa kusamala maluwa ndi nsomba, ndipo ndikufunafuna ntchito ya mtundu womwewo. Ku Woodlands kuli sitolo yogulitsa nsomba zoweta ndi mathanki ake, ndinapitako Lachitatu, ndipo mwiniwake nditamuuza chifukwa chimene anandichotsera ntchito anandiyang'ana modabwa, n'kunena kuti ndidzabwerenso mwezi ukatha. Sanalonjeze kanthu.

Chachiwiri, sukulu akatsekera mu Ogasiti, amake avomera kuti Tanya abwere kwanuko sabata imodzi, ngati mungamulandire. Ngati sadzafuna kukwera basi ndi ine, adzabwera ndi a Jonas, ine ndidzatsatira pambuyo. Musadzamuuze kuti atate ake ndi munthu wabwino. Adzaona yekha ngati zidzakhale choncho. Mudzangomulola akhale pakati pa anthu a kwathu, amve mmene timalankhulira, adye nawo nzimbe ndi Thandazani.

Ndikudziwa kuti munandilera ndinu atate atamwalira, ndipo simunandiphunzitse zimenezi. Mukafuna kundikalipira imbani, ulendo uno ndiyankha.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti mbewu ya mpiru imene anandipatsa ija inamera bwino, ngakhale inamera m'munda wa eni. Moni kwa Thandazani ndi azing'ono ake, kwa a Edmond ndi banja lawo, ndi kwa amayi, muwagwire dzanja m'malo mwanga. A Bwembya anati ndikadzalemba kalata kumudzi ndidzapereke moni wawo kwa mlongo wanga, ngakhale sakudziwani, ndiye landirani, ndi moni wa munthu woposa ine.

Tanya akupereka moni kwa nonse.

Ayi, Alongo, pepani, dzanja langozolowera. Sanapereke moni. Sindinamufunse, ndipo panopa sakundilankhula. Mzerewo ndausiya osafufuta kuti muone pamene ndili. Moni wake adzakupatsani yekha akadzafika.

Ndine mlongo wanu,
Meshack